Giza ya Aboila

Ndinalonjeza tili m'bafa, chitseko chili chotseka, chikwama changa cha ulendo chili kale pakhonde. Bambo n'kuti atangomaliza kulumikiza mapaipi a madzi otentha m'nyumba yathu, ntchito imene anaigwira okha ndi zidutswa zotola ku fakitale ya nsalu komwe ankayang'anira maboila, mathanki aakulu owiritsa madzi. Msewu wonse unkawatcha Aboila. Anatsegula mpopi wa shawa, nthunzi n'kudzaza kachipindako mpaka galasi kuchita khungu.

Sabata imeneyo anali atapita kuchipatala kukazonda kapitawo wawo wakale, munthu amene akangokhosomola antchito onse ankaimirira. Anamupeza anyamata awiri akumutembenuza ngati thumba, akumupaka sopo uku akukangana za mpira, katani osatseka n'komwe.

"Osambitsidwa ndi awiri okha," anatero bambo, "khanda ndi mtembo. Ukhanda ndinamaliza. Ndikadali kupuma, munthu asadzandigwire ndi sopo. Kaya ndi dokotala, kaya ndi iwe. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Sizinali zovuta kulonjeza munthu amene anakweza giza, thanki yotenthetsa madziwo, m'siling'i yekha, ataisenza paphewa.

Ndinabwerako ana amene ndinawasiya akukwawa ali ndi ana awo. Mitengo ya m'mbali mwa msewu anadula yonse, m'malo mwake munamera mipanda ya njerwa ya mabotolo osweka pamwamba, ngati aliyense akusunga golide m'nyumba yodontha. Laibulale imene ndinkabisalamo masana inasanduka malo obetcherana mpira. Mayi wina pageti loyandikana nafe anandifunsa mwaulemu ngati ndasochera, mumsewu umene ndinathyokeramo dzino.

Amayi anali atamwalira kale. M'nyumba munkakhala mng'ono wanga, amene tonse timangomutcha Mzime, ndi mkazi wake, ndi bambo amene sitiroko inawagwira mbali ya kumanzere. Fungo ndi limene linandilandira ndisanawaone. Anali pampando m'pasaji, ndodo pakati pa miyendo, atayang'ana chitseko cha bafa ngati munthu wodikira basi.

"Wanenepa," anatero. Mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma anali omwe aja. "Kumeneko mumadya osagwira ntchito?"

Mzime anandikokera kukhitchini.

"Musadabwe ndi fungoli, achimwene. Giza inafa. Elementi yotenthetsa madzi inapsa, ndipo pulambala anati za mtundu umenewo anasiya kupanga."

"Ndiye madzi a m'ketulo anathanso?"

"Ndimawiritsa tsiku lililonse, alamu," anayankha mkazi wake, akupukuta mbale yowuma kale. "Ndimathira m'beseni, amazizira momwemo, ndimakatayira maluwa. Maluwa anga ndi amene akusamba."

Beseni limakhala pansi, ndipo munthu wa dzanja limodzi ndi mwendo umodzi sangawerame n'kudzithira madzi. Pamafunika wina womuthira, womupaka. Bambo ankakana. Ankangodzipukuta ndi kansalu pomwe dzanja lafika. Kumsana kunali kutayamba zilonda, ndipo nesi amene anabwera kudzawaona ananena kuti zikapanda kutsukidwa zilowa m'kati.

"Loweruka kukubwera bambo wina wosamalira odwala," anatero Mzime. "Awasambitsa. Afune, asafune."

"Muuze abwere ndi bokosi lomwe," anatero bambo ali m'pasaji. Makutu sitiroko sinawakhudze.

M'mawa mwake Mzime atapita kuntchito, ndodo inagogoda pansi.

"Iwe. Tsegula mpopi wofiira wa kukhitchini."

Ndinatsegula. Unatsokomola kamodzi n'kukhala chete.

"Chatuluka n'chiyani?"

"Palibe."

"Ozizira?"

"Ngakhale dontho, bambo."

"Ndiye pulambala wa mng'ono wakoyo ndi wometa tsitsi. Elementi ikapsa madzi amabwera ndithu, kungoti ozizira. Akapanda kubwera, ndiye njira yatsekeka. Mwina mpweya watsekereza, mwina dzimbiri, mwina munthu."

"Munamuuza Mzime zimenezi?"

"Ndinamuuza. Akuti ndi matenda akuyankhula."

Tinayamba ndi mpweya. Bambo anandituma kukadula paipi yothirira maluwa, mbali imodzi ndiveke mpopi wozizira, inayo wofiira, kuti mphamvu ya madzi ozizira ikankhe mpweyawo kubwerera m'thanki. Mlamu wanga anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, ulendo wonse uja munabwerera kudzandidulira paipi?"

"Ndikugulirani ina."

"Onse obwera amatero. Khitchini yanga musaisandutse dziwe."

Ndinatsegula mipopi yonse iwiri. Madzi anakwera m'khoma, ndinawamva akuthamanga pamwamba pa mutu wanga, kenako anagunda chinachake, gu. Paipi inavuka n'kundimenya madzi kumaso. Mlamu wanga anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Wamva?" anatero bambo. "Agunda n'kubwerera. Ukanakhala mpweya ukanathawa. Dzimbiri limalolako pang'ono, silikhala ndi mtima wouma chonchi. Kwera m'siling'i."

Kuseka kwa mlamu wanga kunathera pomwepo.

"Makwerero anabwereka aneba," anatero.

"Aneba ati?"

"Anasamuka."

Ndinakoka tebulo la pabalaza, pamwamba pake ndinaikapo mpando, n'kukankha kachitseko ka siling'i ndi mutu. M'katimo munali motentha ngati m'kamwa mwa galu. Ndinakwawa pa mitanda, tochi ili kukamwa, fumbi ndi zitosi za makoswe zikumata m'manja. Giza inali itagona pamalo pake ngati ng'ombe yokhuta. Pa paipi iliyonse panali muvi wa penti yofiira wolozera komwe madzi amapita, dzanja la bambo. Ndinatsata muvi wotuluka m'thanki mpaka pa vavu yotsegulira ndi kutsekera madzi. Inali yotseka mpaka kumapeto, ndipo chigwiriro chake chozungulira chija panalibe, panangotsala kachitsulo kotuluka. Mawaya a magetsi anali omasulidwa bwinobwino, nsonga zake zitakulungidwa ndi tepi yatsopano, yopanda fumbi.

Ndinatsika.

"Dzimbiri?" anafunsa bambo.

"Ayi."

"Ndinadziwa."

Mzime amabwera kudzadya masana. Ndinamudikirira kuseri, pa chingwe choyanikira zovala.

"Chigwiriro cha vavu chili kuti?"

Sanayese n'komwe kudabwa. Anandiyang'ana fumbi la m'mawondo.

"Chili m'thumba la jekete langa la kuntchito, ndipo sichitulukamo."

"Munthu akuwola pampando, iwe ukuyenda ndi madzi ake m'thumba."

"Mwafika dzulo, achimwene."

"Ndafika dzulo, ndapeza bodza lero. Ndikanafika kale ndikanapeza angati?"

Anandigwira mkono, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kundikokera m'pasaji. Anagwada pamaso pa bambo, nawavula sokosi ya kumanzere, napinda buluku mpaka pabondo. Bambo anayang'ana kukhoma. Kuyambira pabondo mpaka ku zala khungu linali losalala, lotuwa, lokokana ngati pulasitiki yoyandikira moto. Anawatembenuza dzanja lamanzere lija, lomwe nthawi zonse linkakhala chofumbata pamiyendo. M'kati mwake munali chimodzimodzi.

"Auzeni ndinu, bambo," anatero Mzime. "Kapena ndinene ine?"

Amene anafotokoza anali mlamu wanga. Atatuluka m'chipatala, bambo anakana kuthandizidwa ndipo ankalowa m'bafa okha n'kukhoma. Moyo wawo wonse ku maboila, dzanja lamanja linkagwira vavu, lamanzere n'kumayesa kutentha. Thupi linazolowera choncho, silifunsanso mutu. Tsiku limenelo anatsegula ndi lamanja, natchera lamanzere, lamanzere n'kuwauza kuti madzi sanatenthe. Anawonjezera. Anaponda ndi mwendo wamanzere, nawonso unavomereza. Mlamu wanga anaona nthunzi ikutuluka pansi pa chitseko ngati nyumba ikupsa. Mzime anathyola loko ndi phewa.

"Khungu linatsalira m'manja mwanga," anatero Mzime. "Ngati sokosi."

"Kanali kamodzi kokha," anatero bambo.

"Munthu amafanso kamodzi kokha, bambo."

Tinabwereranso kuseri, chifukwa zotsalazo sizinali zoyankhula pamaso pawo.

"Ukanawauza zoona," ndinatero.

"Ndiwauze kuti chafa ndi thupi lawo? Ndinasankha kupha giza."

"Iwo akudziwa kuti sinafe. Akhala pampando paja miyezi yonseyi akudziwa kuti mwana wawo akuwanamiza, ndipo sangakwere kukamugwira bodza. Ukuyesa chifundo chimenecho?"

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Asambe okha. Ndinawalonjeza kuti munthu sadzawagwira ndi sopo."

"Inu munalonjeza," anatero Mzime. "Ine ndinathyola chitseko."

"Ndipatse chigwiriro."

"Ayi."

"Pulayala ilipo."

Ndinakweranso. Madzi a giza yabwino satentha mpaka kusenda munthu, choncho ndinatsegula kachivindikiro ka m'mbali mwa thanki kuti ndione themositati, kachipangizo kamene kamadula magetsi madzi akatentha mokwanira. Munalibe. Munali dzenje lake lokha, mawaya atalumikizidwa molunjika ku elementi. Ndinatulutsa mutu pa kachitseko ka siling'i.

"Bambo, themositati ili kuti?"

"Ndinataya iwe utangochoka. Inkadula madzi asanapse."

"Ndiye inkazima bwanji?"

"Ndinkazimitsa ine pa swichi. Thanki ikayamba kuimba, wadziwa kuti yakwana. Boila amaimvera ndi khutu."

"Tsiku lija simunaimve?"

"Ndinali kuvula malaya," anatero. "Masiku ano malaya amatenga nthawi."

Sitolo ya zitsulo ndinaipeza pamene kale panali telala wa amayi. Wogulitsa anandiyang'ana imvi n'kunditcha madala, ine amene m'mutu mwanga ndinali ndikadali mnyamata wa mumsewu uno. Ndinamufotokozera mtundu wa giza ndikuyembekezera kuti apukusa mutu. Anakoka katoni pansi pa kauntala, yodzaza mpaka pakamwa.

"Zoti anasiya kupanga anakuuzani ndani, madala? Dziko lino silisiya chinthu. Chimatisiya ndi chinthucho."

Ndinagulanso paipi ya maluwa.

Tsiku lotsatira ndinalowetsa themositati m'dzenje lake, n'kuitembenuzira pansi kwambiri, pamene madzi amangofunda. Bambo ankalamula ali m'pasaji, ndodo ikugogoda mawu aliwonse.

"Usayatse thanki isanadzaze, upsereza elementi, bodza la mng'ono wako lisanduke zoona. Tsegula mipopi yofiira yonse kaye. Tsopano vavu. Pang'onopang'ono, si botolo la mowa."

Ndinaluma kachitsulo kaja ndi pulayala. Kanakana, kenako kanalira n'kutembenuka. Nyumba yonse inayamba kutsokomola. Mipopi inalavula mpweya, kenako madzi ofiira ngati dothi, kenako oyera. Ndinayatsa swichi. Tinadikira, ine ndi bambo, iwo atapendeketsa mutu kumvetsera siling'i.

"Sikuimba," anatero.

"Siidzaimbanso."

"Wandiikira giza ya ana."

Ndinatsegula mpopi wofiira wa shawa mpaka kumapeto, wozizira osaukhudza, n'kuikapo chigongono nthawi yaitali. Khanda likanasambamo. Ndinamuitana Mzime, amene anali atabwera kudzadya koma sanakhudze mbale, kuti ayese yekha. Anatchera dzanja, nalichotsa, nalipukutira pa buluku.

"Kupsa sapsa," anatero. "Nanga kugwa?"

Ndinalowetsa mpando wa pulasitiki pansi pa shawa, miyendo yake ndinaiponderetsa pa thaulo lakale kuti usaterereke. Sopo ndi kansalu ndinaika pa kashelefu ka kumanja.

"Akagwa muwanyamule nokha, achimwene. Ndipo wa Loweruka uja sindimuletsa."

"Adzapeza munthu wosamba kale. Adzamwe tiyi azipita."

Bambo anadzuka okha. Anakana mkono wanga, anakana wa Mzime. Kuchoka pampando kufika pakhomo la bafa ndi mtunda woti mwana amalumpha, koma iwo anauyenda ngati akuwoloka mtsinje, ndodo patsogolo, mwendo wamanzere ukukokedwa m'mbuyo. Pakhomo anaima n'kuyang'ana pamene panali loko.

"Kiyi?"

"Loko anathyoka, bambo. Ine ndiima pano. Salowa munthu."

Anatseka. Ndinatsamira chitseko, nkhope kuyang'ana Mzime ndi mkazi wake, ngati mlonda wa pa banki. Tinamva ndodo ikutsamira khoma. Tinamva kulimbana ndi malaya, kupuma, kutukwana batani. Zinatenga nthawi moti mlamu wanga anapita kukazimitsa mbaula n'kubwerera. Kenako mpando unalira, mpopi unalira, madzi anayamba kugwa.

Bambo anatulutsa mawu amene sindinawamvepo, aatali, ochokera pansi pa mimba, ngati munthu amene watula katundu. Mlamu wanga anagwira pakamwa. Ine ndinamuyang'ana Mzime m'maso, ndipo sindinabise kuti ndikumuyang'ana.

"Mwapambana," anatero. "Ndikugulireni chikho?"

Madzi anapitirira. Kenako sopo anagwa, n'kutsetsereka mpaka kugunda khoma. Panakhala chete, kupatula madziwo. Mpando unaterereka pang'ono. Mzime anasuntha phazi, ine ndinatambasula mkono kutseka khomo.

"Iwe," anaitana bambo.

Ndinalowa n'kutseka.

Anali pampando, atandifulatira, madzi akuwagwera pamutu. Munthu amene anasenza giza uja anali atatsala mafupa okutidwa ndi chikopa. Nditasuzumira kutsogolo ndinaona kuti pachifuwa, pamimba, pa mkono wakufa uja, ponse pamene dzanja lamanja linafika, panali poyera. Malire ake ankaoneka ngati ojambula. Kuseri kwa malirewo kunali mkono wamanja, umene sungadzitsuke wokha, ndi msana wonse. Zilonda zinali m'munsi mwa mapewa ndi pamwamba pa matako. Chimodzi chinali chakuya, chakuda m'mbali, ndipo madzi ofunda anadzutsa fungo lake.

"Sindinakuitane kudzaonerera. Tola sopo."

Ndinatola n'kuwaikira m'dzanja. Anamupaka pa kansalu kali pabondo, naponya kansaluko paphewa kuti kagwere kumsana. Kanagwera ndithu, koma kukoka kansalu kumsana kumafuna dzanja lina m'munsi. Analuma nsonga yake ndi mano, nayesa kupinda mkono kumbuyo kuti agwire inayo. Zala zinafika m'chiuno n'kuima. Sopo anatsetsereka pabondo n'kugwanso.

"Tola."

Ndinatola.

"Ika apa. Tuluka."

"Kumsana simunafike, bambo."

"Madzi afikako."

"Madzi okha sachotsa zimenezi."

"Ndiye zikhale. Msana ndi wanga."

"Chilonda ichi chalowa. Chikafika pa fupa akakugonekani m'chipatala, ndipo kumeneko mukudziwa mmene amasambitsira."

"Ndidzakhala nditafa."

"Simudzakhala mutafa. Vuto lake ndi limenelo."

Kunja Mzime anagogoda. "Zili bwino m'menemo?"

"Zili bwino," tinayankha tonse awiri.

Sopo anali akadali m'dzanja langa. Ndinachotsa kansalu paphewa pawo n'kuyamba kukapaka. Bambo anatembenuza mutu, diso lamanja likundiyang'ana kupyola madzi.

"Ukutani?"

"Mukuona."

"Unalonjeza. M'chipinda chomwe chino."

"Eya."

"Ndinakutuma m'siling'i chifukwa ndimayesa iwe ndiye munthu. Bola mng'ono wako, amanama poyera."

Ndinasendera pafupi. Dzanja lawo lamanja linandigwira pamkono, ndipo mphamvu za ku maboila zonse zinali zitasamukira m'menemo. Anafinya mpaka zala zanga zinatseguka, kansalu n'kugwera pa mwendo wawo.

"Ukandigwira, usadzanditchenso bambo."

"Chabwino, Aboila."

Iwo anali ndi dzanja limodzi, ndipo linali litagwira ine. Ndinatola kansalu ndi dzanja linalo. Malaya anga anali atanyowa kale. Ndinayambira pakhosi, kutsika m'mapewa, kuzungulira zilonda pang'onopang'ono, iwo atandigwirabe, atayang'ana kukhoma.

Ndinawasambitsa bambo anga ndi sopo, thupi lonse, akupuma.